Chaka Chimene Amayi Ankadikira Misa

Lamulungu lililonse m'mawa mdzukulu wanga amandiikira tiyi pamphasa, ine n'kumukankhira kumbali. Amati ndine nkhalamba yamakani. Makaniwo sindikana, ndinachita kuyamwira. Koma kukana tiyiko kuli ndi nkhani yake, ndipo nkhaniyo ndi ya chaka cha njala, nthawi ya atsamunda, ndili mayi wa mwana mmodzi kwathu ku Liwaladzi.

Novembala

Njala ya chaka chimenecho inabadwa dzinja la m'mbuyo mwake. Mvula inayamba bwino, kenaka inangodula, ndipo mpunga wa m'madambo unauma usanatulutse ngala. Ife a kunyanja sitinachite mantha msanga. Tinkati chilala n'cha anthu a chimanga, chathu chili m'nthaka. Anthu a kumapiri atayamba kutsika kudzasuma chinangwa, tinawapatsa tikuseka, wina atisiyire nsalu, wina mbuzi, wina khasu. Chotsala zinatithandiza kukumba ndi nguluwe. Pofika Novembala m'minda munatsala chinangwa chanthete chokhachokha, chosayenera n'kukumba komwe.

Pakhomo tinalipo atatu: ine Agnesi, mwana wanga Petulo amene anali atangoleka kuyamwa, ndi amayi anga a Monika. Bambo a Petulo anali ku Halale, ndipo Halale anali atawameza ndi makalata omwe.

Mwezi umenewo Bambo Lukasi anabwera monga mwa masiku onse. Anali wansembe wathu, munthu wakuda, mwana wa kunyanja konkuno. Ankakhala ku mishoni ya ku boma, koma mwezi uliwonse ankayenda wapansi kuzungulira matchalitchi a m'midzi. Ukaona mkanjo woyera ukutulukira pa njira ya ku Bua, m'mbuyo munthu atasenza bokosi la Misa, unkadziwa kuti mudzi wapeza mwini. Asanafike n'kutchalitchi komwe ankayamba aima kugombe n'kugwira nawo ukonde wong'ambika. Madzulo ankakhala pansi pa mtengo wa mango, mabanja okangana n'kumabwera mmodzimmodzi. Ankadziwa amene ali ndi pakati, amene akumwa kachasu mobisa, ndi amene mwana wake akutsokomola. Kugona ankagona kwa aphunzitsi, koma kudya ankadya kwathu, ndipo nthawi zonse ankanena kuti kondowole wa amayi ngwolimba ngati mtima wa mwini wake.

"Ngati ngwolimba musiyeni, Bambo," amayi ankayankha choncho, uku akuwaonjezera usipa.

Awiriwa anadziwana kalekale. Bambo Lukasi asanakhale wansembe anali mphunzitsi m'mudzi mwathu, ndipo ndiwo anaphunzitsa amayi za Chikhristu mpaka kubatizidwa ali munthu wamkulu kale. Zonse zimene anawaphunzitsa amayi anazigwira ndi manja awiri, koma lamulo limene ankalinyadira koposa linali la kusala. Masiku amenewo munthu wokalandira Mgonero sankalawa kanthu kuyambira pogona mpaka atalandira, ngakhale madzi a mumtsuko. Nayenso wansembe ankachita Misa ali wosadya, n'chifukwa chake Misa inkachitika m'mawa mokha, dzuwa lisanafike pamutu. Amayi ankati Ambuye ndi mlendo wolemekezeka, sumulowetsa m'nyumba mmene mwalowa kale ena.

Lamulungu la ulendo wawo wa Novembalawo tinabweretsa mbewu ya mpunga kuguwa, aliyense kambale kake kochepa, Bambo Lukasi n'kuidalitsa. Potsanzikana anati, "Tionana pa Khirisimasi." Palibe anaganiza zoti awayang'anitsitse.

Disembala

Mvula inabwera, ndipo inabwera yokwanira. Tinafesa mpunga, tinabzala chinangwa china, minda inabiriwira, koma zobiriwira sizilowa mumphika. Mbale ya makaka, chinangwa chouma chija, imene tinkagula ndi kobiri inafika tiki, kenaka sikisi, kenaka wogulitsayo ankakuyang'ana ngati wamutukwana. Nsomba zinalipo, koma amuna ankapita nazo kutali kukasinthitsa ndi ufa, n'kubwerera ndi kathumba koti mwana akhoza kunyamula.

Khirisimasi inakwana, mkanjo woyera osaoneka. Aphunzitsi anatiwerengera mapemphero, tinaimba, tinabalalika opanda Mgonero. Kenaka tinamva chifukwa chake. Sitima inali itatsitsa matumba a chimanga cha boma, ndipo a boma anapempha a mishoni kuti athandize kugawa. Wansembe wachizungu anali chigonere ndi malungo, choncho ntchito yonse inagwera Bambo Lukasi.

Mphekesera zinayenda kuposa chimangacho. Ena ankati akupatsa okhawo okhoma msonkho. Ena ankati chimangacho chathiridwa mankhwala oti akazi asamabereke. Kwa Asilamu kunamveka zoti munthu azibatizidwa kaye asanalandire. Mnzawo wa amayi wa ponda apa m'pondepo anali Msilamu, Abiti Juma, amene nyumba yake inali kuseri kwa nthochi zathu. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo ankakangana za Mulungu tsiku lililonse uku akusinja mumtondo umodzi. Abiti Juma anati iye apita akaone yekha, madzi a ubatizowo akamuthira, iyenso akawatsira nawo.

Anabwera ndi chimanga pamutu.

"Za Mulungu sanandifunse ayi," anatiuza. "Anangoti ana ndi angati. Koma Monika, si Bambo wanu uja. Wakhala patebulo, mutu uli pansi. Ine amene wadya nsomba zanga zaka zonsezi, sanandione n'komwe."

"Watopa," amayi anatero. "Abwera."

Januwale

Mwezi uwu ndi umene mudzi unayamba kuphwasuka. Amuna ena anati akukasaka chakudya kwa abale awo cha ku Dwangwa, ndipo ena mwa iwo mpaka lero akusakabe. Wina anagulitsa ukonde wake, chinthu chimene msodzi sachita ali wamoyo. Aphunzitsi athu anatenga banja lawo n'kubwerera kwawo. Belu linaleka kulira, ndipo chiswe chinayamba kukwera zipupa za tchalitchi. Amayi ankapitabe ndi tsache Loweruka lililonse kukasesa, ati Bambo asadzapeze nyumba ya Mulungu ili ngati khola.

Tinkadya chigwada chopanda nsima, mango osakhwima owiritsa, ndi tsinde la nthochi losinja. Chimanga cha boma chikafika, ndinkaphika phala lamadzimadzi kawiri patsiku, m'mawa ndi masana. Ndinkadabwa kuti Petulo akulimba pamene tonse tikufota, mpaka tsiku lina ndinawapeza amayi akumumwetsa phala la m'mbale yawo kuseri kwa nyumba. Ndinakalipa. Iwo anangoti, "Iwe unakula ndi phala la ndani?"

Kutha kwa mweziwo mapazi awo anali atatupa. Ukadina ndi chala, dzenje linkatsala.

Febuluwale

Amayi anagona pamphasa, osathanso kupita kukasesa. Sankadandaula za njala. Chimene chinkawadya mtima chinali china.

"Agnesi, chilandirire Mgonero ndi Novembala. Ndikumva m'thupi kuti mpunga uwu sindidzaudya. Pita ukawauze Bambo kuti Monika akufuna kulandira asanapite."

Ndinasiya Petulo kwa Abiti Juma, ndinalawirira. Ulendo wa ku boma ndi wa tsiku lathunthu kwa munthu wokhuta. Ndinaoloka Bua pabwato, madzi ali ofiira ndi matope, ndinagona kwa achibale, m'mawa ndinafika ku mishoni.

Anthu anali atadzaza bwalo lonse, ena atakhala, ena atagona. Ndinayesa kudutsa kuti ndikafike pakhonde, mesenjala wa boma ananditchinga ndi ndodo.

"Mayi, pamzere."

"Sindinabwerere chimanga. Ndikufuna kuonana ndi Bambo."

"Aliyense pano akufuna kuonana ndi bwana. Pamzere."

Bwana! Mawu amenewo anandilasa. Ndinaima pamzere dzuwa lonse, ndipo ndikamayandikira ndinkamva anthu akuti "zikomo bwana, pepani bwana," akuwomba m'manja ngati ali pamlandu. Bambo Lukasi anali ataonda, mkanjo wawo utada ndi fumbi la matumba. Wina ankawatukwana kuti akukondera, wina ankawagwira miyendo. Nditafika patebulo sanadzutse mutu.

"Mudzi? Ana angati?"

"Ndine Agnesi, Bambo. Mwana wa a Monika."

Apo ndiye anandiyang'ana, ndipo ndinaona nkhope yawo ikubwerera pang'onopang'ono, ngati munthu amene wadzutsidwa kutulo. Ndinawauza zonse. Anagwira pachipumi, n'kuyang'ana mzere umene unakafika mpaka kumsewu.

"Mwana wanga, ukuona wekha. Ndikachoka pano tsiku limodzi, anthu awa agona ndi njala. Koma kawauze amayi ako kuti ndibwera."

"Liti, Bambo?"

"Tsiku sindingalitchule. Ndikangopeza mpata, m'mawa wina uliwonse adzangondiona ndafika. Akhale okonzeka."

Anandithirira chimanga m'nsalu, ndipo wa m'mbuyo mwanga anali atayamba kale kundikankha. Njira yonse yobwerera ndinkalira, osati chifukwa cha njala. Ndinkasowa munthu uja wa pansi pa mtengo wa mango.

Mawu awo ndinawafikitsa monga anawanenera. Amayi anamwetulira, n'kundiuza kuti ndiwachapire nsalu yawo ya Misa. M'mawa mwake nditawabweretsera phala anatembenukira kukhoma.

"Chotsa. Bambo akhoza kufika lero."

"Amayi, sanati lero."

"Anati m'mawa wina uliwonse. Lero si m'mawa? Anati ndikhale wokonzeka. Ndikonzeke bwanji ndi phala m'mimba?"

Anandiuza kuti nditsegule chitseko, ndiwakokere mphasa pamalo poti aziona njira ya ku Bua. Anakhala choncho osalawa ngakhale dontho la madzi mpaka mthunzi wa nyumba utalowa pansi pa khonde. Pamenepo anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Nthawi ya Misa yapita. Bweretsa phala lako lija." Mawa lake anachita chimodzimodzi, ndi mkuja womwe.

Malichi

Tinkalira mvula, tsopano tinali m'matope. Kunagwa chimvula usana ndi usiku, Bua anasefukira, mpunga unayamba kutulutsa ngala. Anthu ankayenda m'minda kukauyang'ana ngati kuuyang'anako kuufulumizitsa. Lenti inalowa popanda woilengeza, ndipo panalibe choti munthu n'kusala.

Amayi anapitiriza. Munthu wodwala njala, wodya kawiri patsiku, anadzichotsera yekha chakudya chimodzi. Milomo inkang'ambika ndi ludzu. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawaopseza kuti ndiwasiya okha. Zonsezo zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Mwa ine munali mkwiyo wosadziwa kolowera: kwa amayi, kwa Bambo Lukasi, kapena kwa amene anapanga lamulolo ali wokhuta.

Abiti Juma ankabwera m'mawa uliwonse kudzalimbana nawo.

"Monika, wallahi, ndikulumbira, ukudzipha. Ife amene timasala mwezi wathunthu, wodwala timamuuza kuti adye. Mulungu wakoyo ndi wouma mtima kuposa wathu?"

"Wanga ndi wako ndi mmodzi, unanena wekha chaka chatha."

"Ndiye idya!"

"Ndidya masana."

Tsiku lolandira chimanga litakwana, Abiti Juma anamanga nsalu m'chiuno n'kunyamuka, madzi a Bua ali choncho. Atabwera anatiuza kuti atafika patebulo sanatambasule nsalu yake. Anaima n'kunena mokweza, anthu onse akumva: "Bambo, chimanga chanu mukupulumutsa nacho anthu, koma mawu anu akupha mnzanga. Munamuuza kuti mufika m'mawa uliwonse. Chiyambire tsiku limenelo sadya, samwa, mpaka dzuwa pamutu. Ngati simubwera, tumizani mawu oti simubwera." Ati Bambo Lukasi anaika mbale yoyezera pansi n'kumuyang'ana.

Panapita masiku angapo. M'mawa wina kunacha ndi mitambo, amayi ali pamalo pawo, maso kunjira. Tsiku limenelo anali ofooka kuposa kale lonse, mawu akutuluka ngati a mwana. Dzuwa linakwera, mthunzi unalowa pansi pa khonde. Anadikirabe pang'ono, kenaka anati, "Bweretsa." Ndinawakhazika tsonga, ndinawamwetsa phala ndi supuni yamtengo. Anamwa pang'ono n'kukankha mbale.

Ndisanaichotse n'komwe mbaleyo, Petulo analoza kunja. Pa njira ya ku Bua panali munthu. Mkanjo wake sunali woyera, unali matope mpaka m'chiuno, ndipo bokosi la Misa analisenza yekha pamutu ngati mayi wochokera kudambo.

Bambo Lukasi anatula bokosi pakhonde. Anali atanyamuka tambala woyamba, koma pa Bua mwini bwato anakana kuwaolotsa mpaka madzi atatsikako. Chinyamukire sanalawe kanthu, chifukwa anabwera kudzachita Misa.

"Odi, amayi Monika. Ndafika."

Amayi anawayang'ana, anayang'ana mbale, kenaka anaphimba nkhope ndi nsalu. Sindinawaonepo akulira chotero, ngakhale pa maliro a bambo anga.

"Ndadya, Bambo. Masiku onsewa ndinadikira, lero ndadya. Mukanafika phala lisanapse!"

"Amayi, lamulo limenelo siligwira munthu wodwala chonchi. Mukhoza kulandira."

"Zimenezo simunandiphunzitse."

"Ndinaiwala kukuphunzitsani. Kulakwa n'kwanga."

"Ayi, mukundimvera chisoni chabe. Munanena nokha pansi pa mtengo uja, ngakhale madzi. Gonani, ndilandira mawa."

Bambo Lukasi anandiyang'ana, ndipo tonse tinadziwa zinthu ziwiri. Iwo sakanatha kugona, chifukwa ku mishoni anasiya anthu pabwalo. Ndipo za mawa la amayi palibe akanalonjeza. Anakhala pansi pafupi ndi mphasa. Kenaka anatambasula dzanja.

"Agnesi, patse mbale imeneyo."

Ndinaganiza kuti akufuna kuichotsa pamaso pa amayi. Koma anatenga supuni yomweyo, anatunga phala lozizira lija, n'kumwa. Anamwanso kachiwiri, mpaka anakokota mbale.

Amayi anachotsa nsalu kumaso. "Bambo! Mwachita chiyani? Nanga Misa?"

"Misa ichitika pompano. Inu mwadya, ine ndadya, ndipo ine ndilandira poyamba, inu mukuona. Ngati pali mlandu, Ambuye ayambe ndi ine amene ndinakuphunzitsani. Kodi mudzandisiya ndikayankhe ndekha?"

Amayi anayang'ana mbale yokokotedwayo. Kenaka ndinaona kukamwa kwawo kukugwedezeka, ndipo anati, "Phala lopanda mchere lomwe mwakokota. Njala yakuphani ndithu."

"Ndi lofewa kuposa kondowole wanu," anayankha Bambo Lukasi, misozi ili m'maso.

Mtondo ndi umene unakhala guwa. Tinauvundikira, tinayala nsalu yoyera pamwamba, iwo n'kuika chikho ndi mkate. Dzuwa linali litapendeka, nthawi imene chibadwire sindinamvepo Misa. Abiti Juma anakhala pakhonde ndi Petulo pamiyendo, msana atatipatsa, kuingitsa nkhuku ya eni ake imene inkafuna kulowa. Bambo Lukasi analandira. Kenaka anagwada, anakweza mutu wa amayi ndi dzanja limodzi, ndipo amayi analandira.

Mlendo ndi mame. Misa itangotha anasenza bokosi lawo kuti akaoloke Bua kusanade. Amayi anandiuza kuti tsopano nditseke chitseko, mphepo ikuwalowa. M'mawa mwake anaitanitsa okha phala kusanawale bwino.

Epulo ndi Meyi

Amayi anakhala nafe mpaka Pasaka itadutsa. Ankadya m'mawa ndi masana, ankakangana ndi Abiti Juma, koma thupi linali litapita kale patali. Anamwalira mpunga utayamba kufiira. Pa maliro panalibe wansembe. Mkulu wina wa mpingo ndiye anawerenga mapemphero, ndipo Abiti Juma analira mpaka mawu anatha.

Mu Meyi tinamweta mpunga wambiri, woti ngakhale mbalame zinatopa nawo. Makaka anabwerera pa kobiri. Mpunga woyamba ndinauphika, ndinaupakula m'mbale zitatu mwachizolowezi, kenaka ndinakhala pansi n'kumaiyang'ana yachitatuyo.

Bambo Lukasi sanabwererenso ku ulendo wawo wapansi. Njala itatha, akuluakulu anaona kuti munthuyu amatha ntchito ya patebulo, ndiye anawapatsa sukulu zonse za mishoni kuti aziyang'anira, ndi njinga yakapalasa. Ankafika kwathu mwa apo ndi apo, kuchita Misa, kuona sukulu, n'kubwerera tsiku lomwelo. Anthu anazolowera kuwatcha bwana. Kenaka anasamutsidwa, ndipo sindinawaonenso. Mtengo wa mango uja ulipobe, koma milandu ya mabanja inapita kukhoti.

Ansembe a masiku ano sindiwanyoza. Amabwera pa njinga yamoto, ali ndi matchalitchi ambiri, misonkhano, zitukuko, ndipo Misa amachita ngakhale madzulo. Wina wachinyamata, wamtima wabwino, atamva kwa mdzukulu wanga za tiyi uja, anadzandigwira dzanja pakhomo la tchalitchi.

"Agogo, lamulo lakale lija linatha. Muzimwa tiyi wanu."

"Ndikudziwa, Bambo," ndinamuyankha. "Linathera m'nyumba mwathu, ine ndikuona."

Sanamvetse, ndipo njinga yake inali italira kale. Sindisala chifukwa cha lamulo ayi. Koma Lamulungu m'mawa, m'mimba mukakhala mopanda kanthu, ndimatsegula chitseko n'kukhala pamphasa, ndipo kwa kanthawi kochepa ndimakhala ndili ndi amayi, tonse awiri maso ali pa njira ya ku Bua.